Nsomba Ikaola Imodzi: Mbiri ya Mowa M'makoleji a ku America

Akale anati nsomba ikaola imodzi, zonse zaola. Mwambi umenewu unawagwera ophunzira a m'makoleji a ku America m'chaka cha 1978, pamene kanema wanthabwala wotchedwa Animal House anatuluka. M'menemo John Belushi anasewera ngati wophunzira chidakwa, wothawa makalasi, wovina pa phwando atadzikulunga nsalu yoyala pabedi ngati Mroma wakale. Koleji yakeyo, Faber, inali yongopeka, komabe anthu anaitenga ngati kalilole wa makoleji onse, ndipo maphwando ovala nsalu zotere anafala m'makoleji enieni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti eni akewo anaikhulupirira mbiri yoteroyo. Mu 1986 akatswiri awiri, Wesley Perkins ndi Alan Berkowitz, anapeza kuti ophunzira ankayesa anzawo okonda mowa kuposa mmene analili. Motero mwana wofatsa ankadziona wotsalira, namakakamizika kumwa kuti afanane ndi gulu lomwe kwenikweni linali lochepa.

Mu 1994 Henry Wechsler wa ku Harvard anafalitsa kafukufuku wa m'makoleji 140: ophunzira 44 mwa 100 aliwonse anali atamwa mopyola muyeso m'masabata awiri okha. Nyuzipepala zinakuwa nacho chiwerengerochi, ndipo sizinalakwe, pakuti vutolo linalipodi. Koma otsala 56 aja sanamveke kwenikweni. Amene anawakumbukira ndi Michael Haines wa ku Northern Illinois University, yemwe cha mu 1990 anali atayamba kale kulengeza m'nyuzipepala ya ophunzira kuti ambiri mwa iwo akapita kuphwando sapyola muyeso.