Mbiri ya magalimoto ogona pa njerwa kwa Mavwere

Munthu akamayenda mumsewu wa M12 kuchokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji, akangodutsa Namitete n'kulowa m'dera la Mfumu Yaikulu Mavwere, maso amathamangira ku minda ya fodya ndi mtedza, ndi ku njinga zamoto za kabaza zimene zadzaza pa Waliranji ndi pa Nkhwazi. Wopatukira m'midzi ndiye amaona china. Kuseri kwa nyumba zina za malata akale kuli galimoto yokhazikidwa pa njerwa, matayala anachoka kalekale, penti inasuwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Mukafunsa eni ake, yankho limakhala lomwelo paliponse: "Injini ndi yabwinobwino iyi, ikungofuna batire ndi matayala basi."

Kumayiko a azungu, makamaka ku America, galimoto yogona chonchi ndi chuma. Munthu amaigula, kuikokera kunyumba, n'kutha zaka akuimasula ndi kuimanganso mpaka ioneke ngati yatuluka dzulo kufakitale. Kuno ntchito yomweyo yakhala ikuchitika kuyambira kale pansi pa mitengo ya mango, kungoti cholinga n'chosiyana. Iwo amadzutsa galimoto kuti akaionetse kwa anzawo Loweruka. Ife timaidzutsa kuti inyamule mabelo, matumba a fetereza, odwala ndi maliro.

Magalimoto a injini zazikulu

Magalimoto amene a ku America amawakonda kwambiri pa ntchito imeneyi ndi a injini zamphamvu za V8, za masilinda 8, amene anatchuka m'zaka za m'ma 1960. Mu 1964 kampani ya Pontiac inatenga injini ya malita 6.4 n'kuiika m'galimoto ya thupi locheperako, n'kuitcha GTO. Chaka chomwecho, mu Epulo, Ford inatulutsa Mustang. Mu 1966 kunabwera Dodge Charger ndi Chevrolet Camaro. Petulo anali wotchipa, misewu inali yotakasuka, ndipo achinyamata ankafuna liwiro ndi phokoso.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Mu 1973 mayiko a Aluya ogulitsa mafuta anachepetsa mafuta opita kumayiko ena, mitengo inakwera, a inshuwalansi nawo anakweza zolipira, ndipo malamulo oletsa utsi woipa anakhwima. Magalimoto omwa mafuta kwambiri anatayidwa m'makola ndi m'minda. Amenewo ndiwo ana ndi zidzukulu za eni ake akuwafukula lero.

Ku Malawi magalimoto amenewa sanazike mizu. Chiwongolero chawo chili kumanzere pamene ife timayenda kumanzere kwa msewu, mimba yawo ili pafupi ndi nthaka, ndipo misewu yambiri ya nthawiyo inali yafumbi.

Amene anawaona ku Joni

Anthu a ku Mchinji amene anaona magalimoto a mtunduwu ndi maso awo ndi omwe anapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela. Dziko la South Africa linali ndi akeake. Mu 1970 Basil Green wa ku Johannesburg anayamba kuika injini ya V8 ya malita 5 m'galimoto ya Ford Capri n'kuitcha Perana. Mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can-Am, imene anangopanga 100 zokha. M'makomboni a anthu akuda mfumu inali Valiant, galimoto yaikulu ya masilinda 6 imene inkagwira ntchito ya takisi.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya kumeneko. Koma malipiro a mumgodi sankafika pogula galimoto. Wobwera ku Joni ankatsika ndi sutikesi, mabulangete, wailesi, makina osokera, ndipo akachita bwino, njinga yakapalasa. Za magalimoto ankabwera nazo pakamwa, n'kumakamba madzulo pabwalo. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi. Ulendowo unadzatsegukanso mu 1977 pansi pa bungwe la Theba, n'kudzatsekeka mu 1988. Ambiri mwa obwererawo anagwira khasu ndi kulowa m'maesiteti a fodya.

Fodya ndiye anabweretsa magalimoto

Fodya ndiye anaika magalimoto m'misewu ya kwa Mavwere. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti anachuluka ku Mchinji ndi ku Kasungu, ADMARC imene inakhazikitsidwa mu 1971 inatsegula misika m'midzi, likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo patapita nthawi okushoni ya fodya inatsegulidwa ku Kanengo. Panafunika chonyamulira matenanti, nkhuni, fetereza ndi mabelo.

Galimoto imene akuluakulu amaikumbuka ndi ulemu ndi Peugeot 404. Inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuimanga mpaka 1991. Injini yake ya malita 1.6 inakhala mopendekeka, giya ili pambali pa chiwongolero. Mbiri yake inamveka Africa yense itapambana mpikisano wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, m'misewu ya matope ndi mabampu yofanana ndi yathu. Pambuyo pake kunabwera mng'ono wake, 504, amene anayamba mu 1968.

Panalinso Land Rover, imene inayamba mu 1948, galimoto ya bwanamkubwa, apolisi, alangizi a zaulimi ndi ansembe. Thupi lake ndi la aluminiyamu, n'chifukwa chake zimene zatsala sizinadye dzimbiri kunja ngakhale tchasisi yake itaola. Panali malole a Bedford, Toyota Stout, ndi Hilux imene inayamba mu 1968. Kenaka kapikiapu ka Datsun 1200, kamene kanatuluka mu 1971 n'kudzasanduka Nissan 1400. Ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, anapitiriza kukapanga mpaka 2008, thupi lake osasintha kwenikweni.

Ambiri mwa magalimotowa ankafika m'manja mwa munthu wakumudzi atatopa kale. Boma, esiteti kapena mishoni ikagulitsa galimoto yakutha, mlimi wochita bwino kapena mwini golosale ankaigula, ndipo ntchito ya makaniko inkayambira pomwepo. Kuyambira mu 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale amene kale anali wa maesiteti okha, ndalama za ku okushoni zinafika m'midzi, ndipo mapikiapu a matola anachuluka. Pikiapu yopangidwira katundu wochepa inkanyamula anthu, matumba, njinga ndi mbuzi, ndipo makaniko ankawonjezera masipuling'i kumbuyo kuti isakhale pansi.

Mmene amaidzutsira

Makaniko wodziwa ntchito sayambira pa injini. Amayamba wagona pansi ndi hamala n'kumagogoda tchasisi. Chitsulo chikamalira bwino, ntchito ilipo. Chikamagumuka, amauza mwini wake kuti asataye ndalama. Kenaka amapala dothi ndi girisi kuti nambala ya tchasisi ndi ya injini zioneke, n'kuziyerekeza ndi zimene zili m'bulubuku.

Injini yogona zaka zambiri imakhala itagwirana. Amachotsa mapulagi, kuthira oyilo kapena dizilo pang'ono m'masilinda, n'kuisiya masiku angapo. Akabweranso amaika sipanala pa pule ya kutsogolo n'kuyesa kutembenuza pang'onopang'ono. Wothamangira kuika batire amathyola maring'i. Pa ntchito iyi akuluakulu sanalakwe ponena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikakhala kuti inanoka, imatsitsidwa. Kumene kulibe galaja, milimo itatu ya bulugama imamangidwa pamwamba, tcheni chimapachikidwa, anyamata n'kukoka. Buloko ndi kirankishafuti zimakwera galimoto kupita ku Lilongwe kukapalidwa pa makina, ndipo masipeya amasakidwa ku Biwi ndi ku Malangalanga, mwinanso kutsidya kwa malire ku Chipata. Zotsalazo zimachitikira pachiguduli, pamthunzi. Mavavu amawapera ndi phala lake: makaniko amagwira kamtengo kokhala ndi mphira kumapeto n'kumakapotokola pakati pa zikhatho ngati akupekesa moto, mpaka m'mphepete mwa vavu muoneke mzere wotuwa wosadukiza. Magasiketi ang'onoang'ono akasowa, amagoneka pepala lolimba pa chitsulo chofuna gasiketicho n'kumagogoda ndi kahamala m'mbali mwake mpaka pepala lidzidula lokha, mabowo a mabawuti onse ali m'malo.

Thanki imatsukidwa, kabureta imamasulidwa yonse, mapointi amapalidwa ndi kutcheredwa mpata. Apa pali zinthu ziwiri zimene wodzutsa galimoto yakale kuno sayenera kuiwala. Kuyambira mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol, amene amakoka chinyezi ndi kudya mapaipi a mphira akale. Mapaipi onse a mafuta ayenera kusinthidwa, apo ayi moto ungabuke pansi pa boneti. Chachiwiri, petulo wokhala ndi mtovu anasiya kugulitsidwa kuno kum'mwera kwa Africa pofika mu 2006, pamene injini zina zakale zinkadalira mtovuwo kuteteza pokhala mavavu. Zoterozo zimafuna kuikidwa mipando ya mavavu yolimba.

Mawaya amakhala atadyedwa ndi makoswe, ndipo kulumikiza apa ndi apo kumangobala mavuto. Ndi bwino kuyala atsopano. Mabuleki amafuna anthu awiri, wina mkati, wina pansi ndi sipanala ndi kabotolo. "Pompani, pompani, gwirani pomwepo!" amakuwa wapansiyo, mpaka mpweya wonse utuluke. Wowotcherera amadula pansi poola n'kuika chitsulo china, wowongola amagogoda thupi, wopenta amadikira tsiku lopanda mphepo, telala amasoka mipando. Tsiku loiliza mudzi wonse umasonkhana. Ana amakankha, dalaivala amaika giya yachiwiri n'kutaya kilatchi, injini imatsokomola kawiri katatu, utsi n'kuti tolo, kenaka n'kulira.

Chimene chinawagoneka

Magalimotowa sanagone chifukwa cha ukalamba wokha. Kuchokera mu 1994, malonda atamasuka, m'dziko muno munayamba kulowa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan, ena kudzera ku Durban, ena ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Intaneti itafala, munthu anayamba kusankha galimoto pafoni. Minibasi zinalanda matola mumsewu waukulu, Sienta ndi Probox zinalowa m'misewu yafumbi, njinga zamoto n'kumalizitsa. Achinyamata ophunzira umakaniko lero amadziwa bwino kompyuta yopimira galimoto kuposa kabureta.

Pikiapu yakale ikangoima, imayamba kudyedwa chiwalo chimodzichimodzi. Difu ndi matayala zimapita kukapanga ngolo, ndipo ngolo zambiri zokokedwa ndi ng'ombe m'boma la Mchinji zikuyenda pa miyendo ya mapikiapu akale. Masipuling'i amapita kwa osula kukasanduka nkhwangwa, zikwanje ndi sompho. Limu imapachikidwa pamtengo kukhala belu la sukulu kapena la tchalitchi. Matayala amasanduka nkhwayira, machubu n'kukhala malegeni. Chotsala amatenga ogula zitsulo zakutha, amene amayeza pasikelo osafunsa kuti inali galimoto yanji.

Palinso mapepala. Eni ake ambiri anatisiya, bulubuku linasowa kapena likadali m'dzina la malemu, ndipo ana, adzukulu ndi akuchikazi sagwirizana kuti galimotoyo ndi ya yani. Imaola abale akukangana.

Komabe zinthu zayamba kutembenuka. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama zakunja zikusowa, ndipo kuitanitsa galimoto kunja kwasanduka loto kwa mlimi wamba. Sensa imodzi ya galimoto yamakono ikafa, galimoto imaima mpaka sipeya ipezeke m'tauni, pamene Nissan 1400 imakonzedwa pa Waliranji ndi sipanala zochepa, masipeya ake akupezekabe kuchokera ku South Africa. Sikuti zonse zogona pa njerwa zingadzuke. Land Rover ya petulo imamwa mafuta kwambiri, masipeya a 404 ndi osowa, ndipo nthawi zina pamafunika kupha magalimoto awiri kuti imodzi iyende.

Magalimoto amenewa ndiwo ananyamula fodya amene anamanga nyumba za malata ndi kulipira fizi ya ana ambiri a kwa Mavwere, ndipo amakaniko odziwa kutchera kabureta ndi khutu akukalamba. Ngati pakhomo panu pagona imodzi, khalani pansi ngati banja mugwirizane mwini wake, fufuzani bulubuku, ndipo ifunditseni kuti mvula isamalowe. Itanani makaniko wachikulire aigogode musanaitane wa sikelo, ndipo mnyamata wa pakhomo akhale pambali pake akugwira sipanala. Ikadzuka, pitani nayo ku ofesi ya Road Traffic mukalembetse ngati mwasintha injini kapena mtundu wa penti, mupeze COF ndi inshuwalansi, kenaka muilowetse mumsewu.