Malipiro a Ogwira Ntchito m'Boma ndi Msonkho wa Anthu a ku Amaramba

Mwezi ukamatha, pa makina a banki ku Mandimba ndi ku Cuamba pamakhala mzere wautali: aphunzitsi, anamwino, apolisi, ena atachokera kutali ngati ku Mitande kapena ku Massangulo. Mlimi wa fodya amene akudikira kugulitsa kamodzi pachaka, kapena msodzi wobwera ndi dengu la makumba ndi milamba kuchokera ku nyanja ya Amaramba, akauona mzerewo sachedwa kunena kuti, "Awo ndiwo akudya msonkho wathu." Kodi n'zoona kuti ogwira ntchito m'boma amalandira zopyola muyezo? Funsoli n'lakale kuposa dziko la Mozambique lodziimira palokha, ndipo yankho lake lakhala likusintha.

Boma loyamba la atsamunda kuno linali kampani. Companhia do Niassa inapatsidwa dera lonse la pakati pa mtsinje wa Rovuma ndi wa Lúrio mu 1891, inayamba ntchito mu 1894, ndipo inalamulira mpaka 1929. Malonda ake enieni sanayende. Chimene chinkaisunga chinali msonkho wa nyumba komanso kugulitsa mphamvu za anthu ku migodi ndi m'minda yakutali. Akuluakulu a m'maboma ang'onoang'ono ankalipidwa pang'ono, mwinanso mochedwa, choncho ankadzilipira okha: kugwiritsa anthu chibalo m'minda yawoyawo ndi kudulako pa msonkho umene atolera. Asilikali achikuda a kampaniyo akafika pamudzi napeza mwamuna wathawa, ankagwira mkazi mpaka msonkho utapezeka. Sukulu ndi zipatala za boma kunalibe. Munthu ankapereka, koma chobwerera kwa iye chinali chikoti basi. N'chifukwa chake Ayao, Alomwe ndi Anyanja miyandamiyanda anaoloka kupita ku Nyasaland, ndipo zidzukulu zawo zilipo lero ku Mangochi, ku Machinga ndi ku Mulanje. Pa nthawi imeneyo kudandaula kwa wokhoma msonkho kunali koona kotheratu, ngakhale malipiro olembedwa m'mabuku anali ochepa.

Boma la Portugal litatenga dera mu 1929, zinthu zinalongosoka papepala. Kuyambira 1938 anthu anakakamizidwa kulima thonje, mafumu ovomerezedwa ndi boma anayamba kulandirako gawo pa msonkho, njanji inafika ku Cuamba, ndipo tauniyo inatchedwa Nova Freixo. Koma maudindo a malipiro abwino anali a Apwitikizi. Mwana wa m'mbali mwa Amaramba akapita patali ankathera pa umesenjala, utanthauziri kapena uphunzitsi wa ku mishoni.

Ufulu wa pa 25 Juni 1975 unatembenuza zonse. Apwitikizi ambiri anachoka, dziko lonse linatsala ndi madokotala osafika 100, ndipo anthu oposa 90 mwa 100 alionse sankadziwa kuwerenga. Pa 24 Julaye chaka chomwecho Pulezidenti Samora Machel anaika sukulu ndi zipatala m'manja mwa boma. Achinyamata a maphunziro ochepa anatumizidwa kukaphunzitsa kumidzi, ambiri osafunsidwa n'komwe ngati akufuna. Malipiro anali ochepa koma osasiyana kwambiri pakati pa wamkulu ndi wamng'ono. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika ku Niassa, sukulu ndi zipatala zinkatenthedwa, ndipo mphunzitsi ndi namwino ankasakidwa chifukwa ankaimira boma pamudzi. Mbadwo umenewo palibe angauneneze kuti unadya msonkho wa anthu.

Chaka chimene ndimaona kuti chinaononga kwambiri ntchito ya boma ndi 1987. Mu Januwale boma linayamba ndondomeko yokonzanso chuma yotchedwa PRE, mogwirizana ndi IMF ndi World Bank. Ndalama ya metikali inagwa kuchoka pa 40 kufika pa 200 pa dola imodzi nthawi imodzi, ndipo inapitiriza kugwa. Mitengo inakwera, malipiro anatsalira. Kumayambiriro kwa 1990 ogwira ntchito ku njanji, m'zipatala ndi m'sukulu ananyanyala ntchito. Ngakhale mtendere utabwera ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, obwereketsa ndalama anaumirira kuti bajeti ya malipiro isakule, ndipo wolemba mabuku Joseph Hanlon anasonyeza mu 1996 kuti aphunzitsi ndi anamwino anali atagwera pansi pa mlingo wa umphawi.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa ndi pomwe pali phunziro lonse la mbiriyi. Boma linasunga ndalama, inde, koma wokhoma msonkho sanapume. Mphunzitsi wosakwanitsa kugula thumba la chimanga anayamba kupita kumunda kwake nthawi ya sukulu, ana atangokhala pansi pa mtengo. Kukhoza mayeso kunayamba kukhala ndi mtengo wake. Mayi wobwera ndi mwana wotentha thupi ankafunika kupereka kangachepe kuti aonedwe msanga, ndipo mankhwala a m'chipatala ankapezeka pa benchi ya pamsika. Wapolisi wa pamsewu anapeza munda wake mwa anthu a njinga onyamula nsomba zouma kupita ku Chiponde. Zinabwerera mwakale, ngati nthawi ya kampani ija: wantchito wolipidwa mopereweza amadzilipira yekha, ndipo amene amamulipira ndi wosauka amene ali naye pafupi. Khalidwe limenelo likazika mizu silichoka msanga ngakhale malipiro atakwera.

Zaka za m'ma 2000 boma linakula mofulumira. Fizi ya ku pulayimale inathetsedwa, ana anadzaza m'makalasi, aphunzitsi analembedwa ambirimbiri, ena ataphunzira ntchitoyo chaka chimodzi chokha. Pafupifupi theka la bajeti linkachokera kwa mayiko othandiza, kotero kulemera kwa malipiro sikunkamveka kwenikweni. Chimene chinakula mwakachetechete ndi maalawansi: a nyumba, a galimoto, a mafuta, a udindo, unduna uliwonse ndi akeake. Mu 2013 madokotala ananyanyala ntchito kawiri, mtsogoleri wawo Jorge Arroz n'kumangidwa kwa maola angapo. Chaka chotsatira aphungu anadzivomerezera lamulo lowapatsa zokoma zochuluka akachoka pa udindo, mpaka anthu anachita zionetsero ku Maputo ndipo Pulezidenti Armando Guebuza analibweza ku nyumba ya malamulo.

Komabe msodzi uja ali ndi mfundo, ndipo tisamuchepse. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2014 anapeza kuti pa tsiku loyendera mwadzidzidzi, aphunzitsi 45 mwa 100 alionse sanali pasukulu. Ndipo mu 2018 nduna Carmelita Namashulua inalengeza kuti pakati pa 2015 ndi 2017 boma linapeza mayina 30,000 a anthu olandira malipiro koma osagwira ntchito, ena anamwalira kalekale, ena sanabadwepo. Ndalama zotayika zinali pafupifupi mametikali 15 biliyoni. Mayina amenewo sanadzilembe okha. Pamwamba pa izo panagwa ngongole zobisika za madola pafupifupi 2 biliyoni za makampani a ProIndicus, EMATUM ndi MAM, zimene zinaululika mu 2016. Mayiko othandiza anatseka thumba, kulemba ntchito kunachepetsedwa, kukwezedwa pa udindo kunaimitsidwa, ndipo namwino wa ku Ngauma analipira mlandu wa sitima zapamadzi zogulidwa ndi ngongolezo, zimene sanazionepo.

Mu 2022 kunabwera TSU, ndondomeko yoika onse ogwira ntchito m'boma pa makwerero amodzi a masitepe 21 ndi kuthetsa maalawansi ambiri aja. Cholinga chinali chabwino. Malipiro otsikitsitsa anachoka pa mametikali osafika 5,000 n'kufika pa 8,756, pomwe wogwira ntchito m'minda chaka chimenecho lamulo linkamupatsa 5,200. Koma kuwerengera kunalakwika. Bajeti ya malipiro inafufuma kuposa momwe anaganizira, inapyola 14 peresenti ya chuma chonse chimene dziko limapanga pachaka, mlingo womwe uli pakati pa yokwera kwambiri mu Africa, ndipo inayamba kumeza ndalama zoposa theka la msonkho wonse. Mu 2023 boma linadulako malipiro a nduna, aphungu ndi akuluakulu ena. Madokotala ananyanyala mu Disembala 2022 ndi mu Julaye 2023, aphunzitsi akhala akulirira ndalama za maola owonjezera zimene zimachedwa zaka, ndipo malipiro a mwezi wa 13 a chaka cha 2024 anaperekedwa theka lokha, boma la Pulezidenti Daniel Chapo litaopsezedwa ndi sitalaka.

Choncho zinthu ziwiri n'zoona nthawi imodzi. Mulu wonse wa malipiro ndi wolemera kuposa mphamvu za dziko, ndipo ukudya ndalama zimene zikanagula mankhwala, madesiki ndi kukonza misewu yopita kunyanja. Koma mphunzitsi wa m'mbali mwa Amaramba, wophunzitsa ana oposa 60 m'kalasi imodzi, wolipira yekha njinga yamoto kuti akatenge malipiro odulidwa kale ndi ngongole, si amene wadya mopyola. Iyenso amakhoma msonkho wa IVA pa katundu amene amagula ngati wina aliyense. Mulu umenewo watupa chifukwa chuma cha dziko n'chaching'ono, chifukwa pamwamba pali maudindo ambiri ndi zokoma zambiri, komanso chifukwa kwa zaka zochuluka panalibe wowerenga bwino amene akulipidwa.

Kusiya malipiro a apansi kuti atsalire m'mbuyo tinakuyesa mu 1987 ndipo tinaona zotsatira zake. Inu makolo a m'makomiti a sukulu ndi a zipatala ku Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, funsani kwa akulu a boma mndandanda wa onse amene amalipidwa pa dzina la sukulu yanu ndi chipatala chanu, ndipo muwawerenge mmodzimmodzi ngati alipodi pa ntchito.