Kulaŵa Wisiki ndi Kudziŵa Mtengo Wake

Lero tikamba za moŵa umene ambiri a ife timangouona m'mashelefu a mahotela a ku Lilongwe ndi m'nyumba za ku Area 10 ndi Area 43, moŵa wotchedwa wisiki wa single malt.

Pamene Lilongwe inakhala likulu la Malaŵi m'chaka cha 1975, akazembe a maiko akunja ndi akuluakulu a boma anasamukirako. Kale m'nthaŵi ya atsamunda, moŵa wotere unali wa azungu, pakuti malamulo ankaletsa kugulitsa moŵa waukali wachizungu kwa anthu akuda. Mgwirizano wa ku Brussels wa 1890 ndiwo unayambitsa ziletso zotere m'madera ambiri a Afrika. Makolo athu sanaleke kumwa. Anapitiriza kutcheza kachasu mobisa.

Chodabwitsa n'chakuti wisikiyo nayenso anayamba ngati kachasu. Alimi a m'mapiri a ku Scotland ankamutcheza usiku, akuthaŵa okhometsa msonkho, kufikira lamulo la 1823 linachepetsa msonkhowo. George Smith wa ku Glenlivet anatenga chiphaso mu 1824, ndipo anzake otcheza mobisa anamuda kwambiri, mwakuti ankayenda ndi mfuti.

Kapangidwe kake mayi aliyense wofulula angakamvetse msanga. Amanyika barele kuti amere, monga timachitira ndi chimera cha maŵere, kenaka amamuumitsa, nthaŵi zina pa utsi wa dothi loyaka la m'madambo, makamaka pa chilumba cha Islay. Akaŵira, amamutcheza m'miphika ya mkuwa, kaŵirikaŵiri maulendo aŵiri. Madontho oyamba ndi otsiriza sawasakaniza ndi apakati. Wotcheza kachasu amene amadziŵa kupatula mutu ndi zotsalira sangadabwe nazo. Mawu akuti single malt amatanthauza kuti moŵawo ndi wa chimera cha barele chokha, wochokera pa malo amodzi otchezera.

Kusiyana kwenikweni kuli mu mgolo. Lamulo limafuna kuti moŵa ugone zaka zosachepera 3 m'migolo ya mtengo wa oki ku Scotland komweko, ndipo ukali wake usatsike pa 40 peresenti. Mgolo ndiwo umaupatsa mtundu wofiirira ndi fungo la uchi kapena zipatso zouma. Chaka chilichonse pafupifupi 2 peresenti imauluka, kotero mgolo wa zaka makumi ambiri umatsala ndi wochepa ndithu. Ukaloŵa m'botolo, moŵa sukalambanso. Botolo la zaka 12 losungidwa m'kabati zaka 20 likadali la zaka 12.

Wolaŵa waluso amayamba ndi mphuno. Amathira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, amanunkhiza, amadonthezamo madzi kuti fungo litseguke, ndiyeno amasunga dontho pa lilime, akudikira kuti aone ngati kukomako kuzimirira msanga kapena kutsalira. Mtundu wokha sungadaliridwe, chifukwa lamulo limalola kuthiramo utoto wa shuga wootcha.

Koma kodi lilime ndilo limaika mtengo? Ine ndikukayika. Mu Novembala 2023, botolo limodzi la Macallan wa 1926 linagulidwa ku Sotheby's, mu mzinda wa London, pa mtengo woposa mapaundi 2 miliyoni. Moŵawo unagona zaka 60 mu mgolo, ndipo mabotolo ake analipo 40 okha. Wogula analipira kusoŵa kwake, pakuti akangolitsegula, chuma chonsecho chatha.

Pamene pali ndalama zotere, akathyali sasoŵa. Mu 2018, akatswiri a sayansi ku Scotland anayeza mabotolo 55 amene ankati ndi akalekale, ndipo 21 anapezeka kuti ndi achinyengo. Anawagwira poyeza kaboni wa mtundu wina amene anachuluka m'mpweya chifukwa cha kuyesa mabomba a atomu m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Barele wolimidwa m'zaka zotsatira kuyesa mabombako ali ndi chizindikiro chimenechi, ndipo chimatsalira m'moŵa ngakhale pepala la pa botolo litanena zaka zina.