Chipepeso Chopanda Pepani

Mtsikana wina m'kalasi langa, mdzukulu wa munthu amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni nthawi ya Theba, anandifunsa: "Aphunzitsi, makampani aja poti akupereka chipepeso, ndiye kuti avomera kulakwa?" Ndinamuyankha kuti ayi. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza, ndipo sindinamudabwe.

Amanena za mlandu wa silikosisi, matenda oumitsa mapapo chifukwa cha fumbi la miyala ya pansi. Mu 2018 makampani 6 okumba golide, ena mwa iwo Anglo American, Harmony ndi Gold Fields, anagwirizana ndi maloya a odwala kuti apereka marandi 5 biliyoni. Khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mu 2019, ndipo ndalamazo zimagawidwa ndi Tshiamiso Trust, ngakhale kwa ochokera kuno kwathu. Koma m'panganolo makampaniwo sanavomere mlandu. Analipira kuti nkhani ithe.

Apa ndiye mawu athu amatinyenga. M'kati mwa "chipepeso" muli "pepani". Ndi chimene timanyamula popita pa maliro, kapena chimene wolakwira mnzake amapereka atagwada, ankhoswe ali pomwepo. Kampani imene yakana mlandu sinagwade, nanga tikuipatsiranji ulemu wa munthu wopepesa? "Chipukuta misozi", chomwe atolankhani amachikonda kwambiri, ine ndimadana nacho koposa. N'chokoma m'kamwa, koma chimaloza misozi ya wolira, n'kubisa dzanja limene linamuliza. Chimamveka ngati chifundo cha bwana. Pomwe bambo amene akulephera kukwera kamtunda ka kumunda kwake chifukwa cha befu sakupempha chifundo, akulonjerera ngongole. "Chindapusa" nacho sichikwana, poti chimagamulidwa ndi bwalo, ndipo apa bwalo silinapeze munthu wolakwa.

Anzanga ena amati tingobwereka, tizinena kuti "kompeseshoni", ati popeza mawu achilendo sabwera ndi katundu wa kumudzi. Sindidana ndi kubwereka. Loya, khoti ndi kampani yomweyo tinabwereka, ndipo anakhazikika bwinobwino. Koma kubwereka apa n'kubisa kusiyana kumene mtsikana uja amafuna kumva. Ine ndikadakonda tizinena motalika koma moona: "malipiro othetsera mlandu" pamene kampani yakana kulakwa, "malipiro a mlandu" pamene khoti laigamula.

Nanga angakhazikitse zimenezi ndani? Bungwe la Chichewa Board linatha kalekale, ndipo Centre for Language Studies ya ku Zomba ingathe kulangiza koma singalamule atolankhani. Malamulo athu akadali m'Chingerezi. M'khoti, mawu a Chichewa amabadwira pakamwa pa womasulira, mothamanga, ndipo salembedwa paliponse. Mawa womasulira wina asankha ake. Choncho mkazi wamasiye wa ku Dedza akamva pa wailesi kuti chipepeso chabwera, amakhulupirira kuti kwinakwake ku Joni bwana wina wapepesa.