Gulu la WITCH: Pamene Ng'oma Yaphokoso Inatsitsa Mawu

Omvera athu m'maboma onse, makamaka inu a ku Mchinji amene mukangodutsa pa Mwami mwafika kale ku Chipata, lero tikamba mbiri ya gulu lina la oimba la kwa anansi athu a ku Zambia. Akuluakulu a m'malire amene ankatchera wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1970 akukumbukira kulira kwa magitala a magetsi kumene kunkatchedwa Zamrock. Funso lathu ndi ili: gulu lotchuka ndi nyimbo zaukali likayamba kuimba moleza, kodi lakula kapena lataya mwambo wake?

Gulu limeneli ndi WITCH. Linayambira ku Kitwe, m'chigawo cha migodi ya kopa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pa Chingerezi dzinali limatanthauza mfiti, koma eni ake ankati zilembozo zikuimira mawu akuti We Intend To Cause Havoc, ndiko kunena kuti cholinga chawo chinali kuutsa chipwirikiti. Wotsogolera nyimbo anali Emmanuel Chanda, amene anthu anamutcha Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones, kaamba ka kudumpha ndi kudzigwetsa kwake pabwalo. Magitala awo ankalira mokalipa ngati mabingu a mvula yoyamba, ndipo chimbale chawo cha Lazy Bones!! cha m'chaka cha 1975 chinawatchukitsa m'dziko lonselo.

Nthawiyo zinthu zinkawayendera oimba. Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dzikomo, choncho makampani a zimbale ngati Teal ku Ndola anayamba kusaka oimba a pakhomo. Ndi m'nyengo yomweyo pamene Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family ankaimba nyimbo zina m'Chinyanja, zimene munthu wa ku Mkanda kapena ku Kapiri ankazimva popanda womasulira.

Koma akuluakulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mtengo wa kopa unagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndipo ndalama zinayamba kusowa m'matumba a anthu. Nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe nayo inalowa m'dzikomo. M'chaka cha 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi pafupi ndi Lusaka, ndipo malamulo oletsa kuyenda usiku anapha magule a m'matauni. Eni malo achisangalalo anaonanso kuti kuliza zimbale za disiko kunali kotsika mtengo kusiyana ndi kulipira gulu lathunthu la oimba. Jagari anachoka m'gululo nakatsata ntchito ya uphunzitsi.

Otsalawo anali ndi njira ziwiri, kupachika magitala kapena kusintha maimbidwe. Anasankha kusintha. Analandira oimba atsopano, mmodzi mwa iwo Patrick Mwondela woliza limba lamagetsi, ndipo m'chaka cha 1980 anatulutsa chimbale cha Movin' On. Gitala wokalipa uja anabwerera kumbuyo, kutsogolo kunadza mawu osalala, nyimbo zogwira mtima msanga ndi ng'oma yovinika. M'chaka cha 1984 kunabwera Kuomboka, dzina la mwambo wa Alozi pamene mfumu yawo imasamuka m'chigwa cha Zambezi madzi akasefukira, kupita kumtunda. Dzinali linali loyenera, pakuti nawonso anali kuthawa chigumula. Komabe kusinthako kunangowawonjezera zaka zowerengeka. Kalindula anatenga malo pa wailesi, gululo linatha, ndipo matenda a Edzi anatenga ambiri mwa oimba a Zamrock. Jagari, amene anatsala yekha pa oyambitsa gululo, anafika pokumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze chakudya.

Madzi saiwala khwawa. M'chaka cha 2012 kampani ya ku America ya Now-Again inasindikizanso zimbale zawo zakale, ndipo mu 2019 kunatuluka kanema wa mbiri yawo wokonzedwa ndi Gio Arlotta. Gululo linadzukanso ndi kukaimba ku Ulaya ndi ku America, kenaka linatulutsa chimbale cha Zango mu 2023 ndi cha Sogolo mu 2025. Choyenera kuchionetsetsa apa ndi chakuti amene analidzutsa ndi Jagari wa nyengo ya phokoso pamodzi ndi Mwondela wa nyengo yoleza, awiri amene m'masiku akalewo sanali m'gululo nthawi imodzi.

Tsono yankho la funso lathu lija likuoneka. Amene anati WITCH inatha tsiku limene inatsitsa mawu anafulumira kuweruza, chifukwa kusinthako ndiko kunasunga dzina la gululo m'zaka zimene magulu ambiri anali kufa. Achinyamata a lero amene amakwiya gulu lawo la nyimbo zaukali likatulutsa chimbale chofewa ayambe afunsa chimene chasintha m'gulumo, m'thumba la omvera ndi m'dziko.