Bokosi la Mamiliyoni: Mmene Kompyuta ya Magemu Idafikira Kuno Kwathu

Sabata ino mpata ndi wanga. Ena mudabwa kuti mayi wa pamsika kwa Maganga akulowa bwanji nkhani ya makompyuta, koma dekhani. Masiku ano achinyamata athu akusunga ndalama, ena akupempha abale a ku Joni, kuti agule kompyuta ya magemu yobwera yomangidwa kale, ija ya galasi m'mbali yowala nyali ngati disiko. Mtengo wake ndi mpamba wathunthu wa bizinesi ya usipa, nthawi zina kuposa. Ndiye ife amene timadziwa kuti chigoba cha usipa sugula usanapise dzanja pansi, tiyenera kulankhulapo. Ndipo kuti mudziwe popisa dzanja, muyambe mwadziwa kumene chinthuchi chidachokera.

Mu 1962 anyamata a pa sukulu ya MIT ku America adapanga gemu yotchedwa Spacewar! pa kompyuta ya PDP-1, chimakina chachikulu ngati kabati ya zovala, choti munthu wamba sakadachigula. Mu 1972 kampani ya Atari idatulutsa Pong, kampira kongodumphadumpha pakati pa timizere tiwiri. Makinawo ankawaika m'mabala, munthu nkuponyamo kobiri kuti asewere. Mwaona? Ngakhale kwa azungu komweko, magemu adayamba ngati chinthu cha pagulu, cholipira pang'onopang'ono. Zokhala ndi makina akoako kunyumba zidafala pambuyo pake, makamaka Atari itatulutsa makina olumikiza ku TV mu 1977, kenako Nintendo ya ku Japan nkubwera ndi Famicom mu 1983.

Nthawi imeneyo kuno kunalibe ndi TV yomwe. Ulamuliro wonse wa Kamuzu udatha dziko lilibe kanema wakewake, ndipo TVM idayamba mu 1999, nthawi ya a Muluzi. Pamene ana a ku Tokyo ankathamangitsa Mario, ife tinali pa phada, fulaye ndi mpira wachikulunga, madala ali pa bawo pansi pa mtengo wa mango. Musaupeputse bawo, anzanga. Amene adaonapo akatswiri a kunyanja kuno akuwerenga nkhomo ndi maso okha, dzanja lisanagwire, amadziwa kuti mutu wa magemu tinali nawo kale. Chimene chinkasowa ndi waya basi.

Sikirini idatipeza kudzera mu video show. Kanyumba kotchinga ndi mphasa kapena mapepala akuda, mabenchi, deki ya matepi, jenereta ikulira kuseri, panja chikwangwani cholembedwa ndi choko kuti lero kuli Rambo kapena Commando. Kenako kudabwera tima brick game ta mabatire, ndi ma TV game otsanzira Famicom ija, a makatiriji achikasu olembedwa kuti muli magemu masauzande pamene ndi omwewo angapo obwerezabwereza. Ambiri a msinkhu wanga gemu yathu yoyamba inali Snake ya pa Nokia, kanjoka kodya timadontho mpaka kudziluma kokha, foni yake yobwereka kwa achimwene.

Chimene chidasintha zinthu ndi PlayStation. Sony idatulutsa yoyamba mu 1994, yachiwiri mu 2000, ndipo yachiwiriyi itafika ya kaunjika, ma game centre adamera m'matauni ndi m'misika, kuyambira ku Ndirande ndi Mchesi mpaka pa Kamuzu Road ndi ku Senga Bay. Gemu yake inali mpira, Pro Evolution Soccer kapena FIFA. Mumalipira pa gemu imodzi, wogonja nkudzuka, kumbuyo kuli anthu khumi ongoonerera ndi kupereka malangizo osapemphedwa. Kobiri la Pong lija lidatipeza patatha zaka makumi atatu. Kompyuta yeniyeni ya pa tebulo ambiri tidaionera pafupi ku burning centre, ya ex-UK yotopa kale ndi ntchito za mu ofesi, ikuthira nyimbo ndi makanema omasulira m'Chichewa mu memory card.

Tsono tibwerere kunja pang'ono, tione mmene kompyuta ya mu ofesi idasandukira ya magemu, chifukwa apa ndi pamene pagona ndalama zanu.

Mu 1981 IBM idatulutsa kompyuta yake ya pa tebulo. Pofulumira, idaimanga ndi zipangizo zogula kwa ena: purosesa ya Intel, pulogalamu yoyendetsera ya Microsoft. Zotsatira zake, makampani ena monga Compaq adayamba kumanga zofanana nayo, ndipo Michael Dell adayamba bizinesi yake mu 1984 ali mwana wasukulu, kumanga ndi kugulitsa ali m'chipinda chogona pa yunivesite ku Texas. Mu 1995 Intel idakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, wonena kukula kwa bolodi lalikulu la m'kati ndi mmene bokosi la magetsi lilumikizikire. Kuyambira apo kompyuta ili ngati njinga ya kabaza: tcheni chikaduka sutaya njinga, umagula tcheni kwa aliyense.

Magemu ndiwo adakoka makinawa kuti akule mphamvu. Doom ya mu 1993 idachititsa anthu kufuna makompyuta othamanga. Mu 1996 kampani ya 3dfx idatulutsa khadi lotchedwa Voodoo, ntchito yake kujambula zithunzi za gemu basi, kuti purosesa ipume. Mu 1999, chaka chomwecho ife tikuombera m'manja TVM, Nvidia idatulutsa GeForce 256. 3dfx idagwa posakhalitsa, katundu wake nkugulidwa ndi Nvidia yomweyo, ndipo mu 2006 AMD idagula ATI, mpikisano nkutsala kwenikweni pakati pa awiriwa. Za kugulitsa makina omangidwa kale a anthu a magemu, dzina lotchuka ndi Alienware, yomwe idayamba ku Miami mu 1996 nkugulidwa ndi Dell mu 2006. Iwo ndi ena otere ndi amene adazoloweretsa anthu kuti kompyuta ya magemu izioneka mochititsa kaso, ngati chinthu chogwa kumwamba.

Mbiri imeneyi ikutiuza kuti mtima wa bokosilo ndi graphics card, ndipo kawirikawiri ndi imene imadya gawo lalikulu la mtengo. Wogulitsa wochenjera amadziwa kuti inu mudaloweza mawu akuti i7 kapena i9. Ndiye amalemba zimenezo ndi zilembo zazikulu, khadi nkulitchula pansi ndi tizilembo ta nyerere, kapena kungoti "Nvidia graphics" osanena nambala. Ameneyo waika usipa wonona pamwamba. Komanso i7 yokha si dzina lokwanira, chifukwa ma i7 adayamba kutuluka mu 2008. Funsani nambala yonse, ya purosesa ndi ya khadi lomwe. Funsani RAM, yomwe masiku ano isachepere 16GB ndipo pa makina odula ikhale 32GB, ndiponso ngati chosungira zinthu ndi SSD osati disiki yozungulira yachikale. Nyali zija sizithamangitsa gemu ngakhale pang'ono.

Za mtengo ndiye gwirani pamtima. Khadi la RTX 4090 lidatuluka mu Okutobala 2022 pa madola 1,599. RTX 5090 idabwera mu Januwale 2025 pa madola 1,999. Pakati pa zaka zimenezi kwacha yathu idagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola nkufika pa K1,700 ku banki. Pa mtengo umenewo, 4090 ija ndi ndalama zoposa K2.7 miliyoni, khadi lokha, opanda bokosi, sikirini, thiransipoti kapena za ku MRA. Ndipo tonse tikudziwa kuti wamalonda woitanitsa katundu dola yake saipeza pa mtengo wa ku banki. Chowawa china nchakuti "yapamwamba" ya lero imakhala yapakati pakangotha zaka zitatu kapena zinayi. GeForce 256 ija, imene anthu ankaigwadira, lero ikugonja kwa foni ya m'thumba mwanu.

Pali kambiri kena kamene okonda kaunjika muyenera kukadziwa. Cha m'ma 2017 komanso mu 2021, anthu okumba ndalama za pa intaneti, makamaka Ethereum, adagula makadi amenewa mwaunyinji nkumawayendetsa usana ndi usiku osapuma. Makadi adasowa, mitengo idakwera moopsa. Mu Seputembala 2022 Ethereum idasintha kachitidwe kake, kukumba ndi makadi kudatha, ndipo makadi ogwira kale ntchitowo adasefukira pamsika wa zinthu zakale. Katundu wotopa kunja inu mukudziwa kumene amathera. Sikuti onse ndi oipa ayi, koma bokosi latsopano lonyezimira likhoza kubisa khadi lokalamba. Musalipire musanaone gemu yolemera ikuyenda kwa ola lathunthu pamaso panu, mafani osakuwa, zithunzi osang'ambika.

Koma kwa ine nkhani yaikulu ili pakhoma, pa soketi. Makina amenewa adapangidwira maiko amene magetsi sazima. Athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Madzi a m'nyanja yathuyi atatsika mu 2016 ndi 2017, mukukumbuka mmene tidakhalira mu mdima maola ambirimbiri, mpaka boma kubweretsa majenereta a dizilo. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 nkuchoka nthawi imodzi, ndipo kukonza kudatenga kupitirira chaka. Kuno ku Salima tili ndi munda wa sola wa mamegawati 60 ku Nanjoka, umene udatsegulidwa mu 2021, koma magetsi ake amalowa mu mawaya a dziko lonse, sabwera kwa Maganga kokha. Kalembera wa 2018 adapeza kuti nyumba zounikira magetsi zinali imodzi ndi kanthu pa khumi zilizonse.

Tsono werengani nane. RTX 4090 yokha imatha kukoka ma watt 450, ya 5090 mpaka 575. Kuphatikiza purosesa ndi sikirini, makina onse akhoza kufika 700 gemu ikavuta. Maola khumi ndi mayunitsi 7. Kasola ka padenga kounikira ndi kutchajira mafoni sikanganyamule zimenezo. Ndipo kuzima si vuto lokhalo: magetsi akamabwerera mwamphamvu, kapena akamabwera ofooka, ndi pamene zipangizo zimapsa. Choncho UPS yokwanira mphamvu ya makinawo, ndi chotetezera magetsi akadumpha, muziwerengere mu mtengo kuyambira tsiku loyamba. Funsaninso dzina la power supply ya m'kati, chifukwa apa ndi pamene omanga ambiri amabera, podziwa kuti wogula sayang'anako. Ngati makina akuchokera ku America, kumene amagwiritsa ntchito mavoti 120, onani cholembedwa kumbuyo kuti akulandira mpaka 240, poti athu kuno ndi 230.

Nanga kutentha? Inu a ku Dedza ndi ku Mzuzu mwina simungamvetse, koma Okutobala wa kuno munthu amatuluka thukuta atangokhala. Ma watt 700 aja onse amasanduka moto m'chipinda cha malata. Onjezani fumbi, mchenga wa kunyanja, ndi nkhungu zikatuluka m'madzi nkumathamangira paliponse powala. Bokosi lotsekedwa ndi galasi kutsogolo nlokongola pa chithunzi, koma kuno mukufuna la timabowo kutsogolo, la sefa yochotseka yoti muzipukuta. Zoziziritsira za madzi nzabwino kwa amene ali pafupi ndi sitolo. Pampu yake ikafa muli kuno, muyembekezera masabata. Fani wamba mmisiri wa pa boma akhoza kukusinthirani tsiku lomwelo. Apa mpamenenso muyezo wa ATX uja ukugwira ntchito: makampani ena akuluakulu amamanga ndi mabolodi ndi mabokosi a magetsi a mtundu wawowawo, oti china chikafa sichilowa cha wina. Walanti ya ku Dubai kapena ku Johannesburg ndi pepala chabe ngati kutumiza makinawo kukufuna ndalama ina yambiri.

Intaneti ndingoidutsa mwachidule. Kuyambira pamene Valve idatsegula Steam mu 2003, magemu a pa kompyuta adachoka pa CD nkupita kodawunilodi, ndipo akuluakulu a masiku ano ena amaposa 100GB imodzi. Yerekezani ndi bandulo yanu ya pamwezi. Starlink idalowa m'dziko muno mu 2023, koma nayonso ndi bilu yake. Ndipo posewera ndi anthu akutali, makompyuta olumikizira amakhala ku Johannesburg kapena ku Ulaya, kuchedwa kwa mtunda umenewo palibe khadi lingakuchotse.

Ndiye ndani agule? Maganizo anga ndi awa, okana akane m'munsimu. Ngati cholinga ndi game centre, mbiri yathu yonse kuchokera ku video show ikuonetsa kuti ndalama imabwera ndi kuchuluka kwa mipando. Bokosi limodzi la mamiliyoni limakhalitsa anthu awiri basi, ndipo mwana wobwera ndi ndalama yake kudzamenya mpira salipira zoonjezera chifukwa udzu wa m'bwalo ukuoneka bwino. Ndalama yomweyo igawidwe pa ma PlayStation angapo, ma TV, mabatire ndi inveta. Amene bokosi lodula lingamubwezere ndalama ndi uja amene masana amakonza makanema a maukwati ndi zinkhoswe, kapena kujambula mapulani a nyumba, magemu nkukhala a madzulo, chifukwa khadi lomwelo limagwira ntchito zonsezo. Ngakhale iyeyo ndingamuuze atsike sitepe imodzi kapena ziwiri kuchoka pa khadi lapamwamba kwambiri, agule kwa wogulitsa wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene ali ndi chitseko choti nkukagogoda, walanti ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi nambala za zipangizo zonse, ndipo yotsalayo ipite ku UPS.