Mphika wamagetsi wophikira mpunga

Mphika wamagetsi wophikira mpunga, womwe m'masitolo amautcha rice cooker, ndi chipangizo cha kukhitchini chomwe chimaphika mpunga n'kusiya chokha kuwiritsa madzi akauma.

Mphika woyamba wozima wokha wogwiritsa ntchito pakhomo unatulutsidwa ndi kampani ya Toshiba ku Japan mu 1955. Mphika wophikira mpunga umakhala ndi poto wamkati wochotseka, chitsulo chotenthetsa pansi pake ndi kachipangizo komva kutentha. Madzi akadalimo, kutentha sikupitirira madigiri 100. Akauma kumakwera, ndipo mphikawo umayamba kungofunditsa mpungawo.

Kapu yomwe imabwera ndi mphikawu nthawi zambiri imakhala ya mamililita 180. Kuchuluka kwa madzi kumatengera mtundu wa mpunga. Woyera wa njere zazitali, monga Kilombero wa ku Karonga, umafuna pafupifupi kapu imodzi ndi theka ya madzi pa kapu iliyonse ya mpunga. Jasmine wa ku Thailand amafewa msanga, choncho madzi amachepako. Basmati wa ku India ndi Pakistan amayamba waviikidwa kwa mphindi 20 mpaka 30 kuti njere zake zitalike osaduka. Wabulauni, womwe sunachotsedwe gaga, umamwa pafupifupi makapu awiri ndipo umachedwa kupsa. Wa njere zazifupi wa ku Japan umatsukidwa kangapo, ndipo ukapsa umamatana.

Mphika ukazima, mpunga umasiyidwa chivundikirire kwa mphindi 10, kenako umatakasidwa ndi chipande chamtengo kapena chapulasitiki, popeza chachitsulo chimakanda poto.